Abraham Lincoln: Mwana wa mlimi yemwe adakula ndi mabuku obwereka

Usiku wina kudagwa mvula ya mphepo m'nkhalango za chigawo cha Indiana, m'dziko la America. M'kanyumba kena ka mitengo mudagona mnyamata yemwe sadadziwe kuti madzi akulowera m'ming'alu ya khoma n'kumanyowetsa buku lomwe adabwereka kwa mlimi wina woyandikana nawo, Josiah Crawford.

Pomwe kumacha n'kuti bukulo litafufuma, masamba ake atamatirirana. Masiku amenewo buku chidali chinthu chosowa kwambiri kumidzi, ndipo pakhomo pa mnyamatayo padalibe ndalama yoti n'kulipirira. Iye sadabise mlandu wake. Adanyamula bukulo n'kukalionetsa kwa mwini wake, ndipo Crawford adagamula kuti alipe ndi thukuta. Kwa masiku awiri kapena atatu mnyamatayo adakhalira kusadzula masamba a chimanga odyetsa ziweto m'munda mwa mkuluyo, ndipo atamaliza, buku lonyowalo lidasanduka lake.

Bukulo lidali la mbiri ya George Washington, mtsogoleri woyamba wa dziko la America. Mnyamatayo adali Abraham Lincoln, yemwe patapita zaka zoposa 30 adadzakhala mtsogoleri wa nambala 16 wa dzikolo, n'kulitsogolera pankhondo yomwe idathetsa ukapolo.

Masiku onse omwe Lincoln adakhala m'kalasi, kuwaphatikiza pamodzi, sakwana chaka chimodzi. Sadapondeko kusekondale ngakhale kukoleji. Chomwe adali nacho ndi mabuku ochepa, ambiri mwa iwo obwereka, omwe ankawawerenga mobwerezabwereza mpaka kuwaloweza pamtima.

Umasiye ali ndi zaka 9

Lincoln adabadwa pa 12 February 1809 pafupi ndi tawuni ya Hodgenville, m'chigawo cha Kentucky, m'nyumba ya chipinda chimodzi yomangidwa ndi mitengo yosanjikiza. Bambo ake, Thomas Lincoln, adali mlimi komanso kalipentala yemwe ankalemba dzina lake movutikira. Mayi ake adali Nancy Hanks Lincoln.

M'chaka cha 1816 banjali lidasamukira ku Indiana kaamba ka mikangano ya malo, komanso chifukwa cha ukapolo womwe udali wololedwa ku Kentucky. Kumalo atsopanowo kudali nkhalango yokhayokha, choncho Abraham adagwira nkhwangwa ali ndi zaka 7 zokha kuti azithandiza kugwetsa mitengo ndi kutsegula minda.

Mu October 1818 mayi ake adamwalira ndi matenda omwe munthu amawatenga akamwa mkaka wa ng'ombe yomwe yadya chitsamba china cha poizoni. Abraham adali ndi zaka 9 ndipo mlongo wake Sarah adali ndi zaka 11.

Patatha chaka, Thomas adabwerera ku Kentucky n'kukakwatira Sarah Bush Johnston, mayi wamasiye wa ana atatu. Mayiwa adafika pangolo atanyamula mipando, zofunda, ziwiya ndi mabuku angapo. Ana amasiye aja adawapeza ali mbuu ndi litsiro, atavala nsanza. Adawasambitsa, kuwasokera zovala, n'kuumiriza mwamuna wawo kuti ayale matabwa pansi m'nyumbamo ndi kuikapo chitseko chenicheni.

Chodabwitsa n'choti mayiwa sankatha kuwerenga. Komabe iwo ndiwo adayamba kuona kuti mwana wowapezayo adali ndi ludzu la mabuku losiyana ndi la ana ena. Paja akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sarah adanyengerera mwamuna wake kuti azimupatsa Abraham mpata wowerenga pakhomo, ngakhale poyamba Thomas sadazilandire bwino.

Kwa Thomas, mwana wamphamvu wokhala pansi pa mtengo ndi buku pomwe ntchito ikudikira kumunda adali kutaya nthawi, ndipo achibale adadzasimba kuti nthawi zina ankamukwapula kaamba ka zimenezi. Anthu ena a m'deralo ankangomutenga ngati mlesi. Bambowo ankamutumizanso kukagwira ganyu m'minda ya anthu, ndipo malinga ndi malamulo a nthawiyo malipiro onse ankapita kwa iwo mpaka mwanayo atakwanitsa zaka 21.

Mabuku a pakhomo

Mabuku omwe adamulera Lincoln m'zaka zimenezi munthu atha kuwanyamula m'manja. Loyamba lidali Baibulo, lomwe adalidziwa bwino kwambiri moti kalankhulidwe kake kadatengera komweko moyo wake wonse.

Lachiwiri lidali la nthano za Aesop, mkulu wa ku Greece yemwe amati adali kapolo zaka zoposa 2,500 zapitazo. Izi ndi nthano zifupizifupi za nyama monga nkhandwe, mkango ndi kamba, zofanana ndi zija agogo amakamba madzulo, iliyonse ndi phunziro lake. Umu ndi momwe Lincoln adaphunzirira kuti mfundo yovuta imalowa msanga m'mutu mwa anthu ikakutidwa m'kankhani.

Lina lidali The Pilgrim's Progress, lomwe John Bunyan, mlaliki wa ku England yemwe adakhalapo m'ndende chifukwa cholalikira popanda chilolezo, adatulutsa mu 1678. Limakamba za munthu wosenza chikatundu kumsana yemwe akuthawa mzinda woyembekezera chionongeko kupita kumzinda wakumwamba, n'kumakumana ndi mayesero panjira. Bukuli lidamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 200, zambiri mwa izo za mu Africa.

Padalinso Robinson Crusoe la Daniel Defoe, lomwe lidatuluka mu 1719. Ili ndi la nkhani yopeka ya munthu yemwe chombo chake chidasweka n'kukhala zaka 28 pachilumba, akudzimangira nyumba, kulima ndi kuweta mbuzi. Kwa mwana wokulira m'nkhalango momwe chilichonse ankachipanga ndi manja, nkhani yotere sidali yachilendo.

Kenaka padali mbiri ya Washington yolembedwa ndi Mason Weems. Akatswiri a mbiri yakale adatulukira kuti Weems adathiramo nkhani zina zongopeka pofuna kukometsa khalidwe la Washington, koma bukuli lidasiya chizindikiro mumtima mwa mnyamatayo. Mu February 1861, ali paulendo wokalumbira, Lincoln adauza aphungu a ku Trenton, m'chigawo cha New Jersey, kuti ankakumbukirabe zomwe adawerenga ali mwana zokhudza mavuto a asilikali a Washington pamalo omwewo, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ankaona kuti anthuwo ankamenyera chinthu chachikulu kuposa ufulu wawo wokha.

Mayi ake omupeza adadzafotokoza momwe ankawerengera. Akapeza mawu omugwira mtima, ankawalemba pathabwa ngati pepala lasowa, n'kuwasunga mpaka atapeza pepala lowakoperapo. Chinthu chikamuvuta kumvetsa sankachisiya, koma ankachibwereza yekha m'njira zosiyanasiyana mpaka chitakhazikika m'mutu.

Makilomita 10 kutsatira galamala

Mlongo wake Sarah adamwalira pobereka mu 1828. Chaka chomwecho Lincoln adalembedwa ganyu yopalasa bwato la katundu pamtsinje wa Mississippi mpaka ku New Orleans, mzinda womwe udali ndi misika ikuluikulu ya akapolo. Adabwererakonso mu 1831, chaka chomwe adachoka pakhomo pa makolo ake n'kukakhazikika m'kamudzi ka New Salem, m'chigawo cha Illinois, komwe adayamba ntchito yogulitsa m'sitolo.

Kumeneko adazindikira kuti Chingerezi chake chidali cha kumudzi, chosakwanira munthu wofuna kulankhula pagulu. Atamva kuti mlimi wina ali ndi buku la galamala lolembedwa ndi Samuel Kirkham, adayenda pansi mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kukalibwereka, ndipo ankaliwerenga m'sitolomo ogula akasowa.

Ku New Salem komweko kudali mkulu wina, Jack Kelso, yemwe ankakonda kuwedza nsomba kuposa kugwira ntchito, koma adaloweza masewero a William Shakespeare ndi ndakatulo za Robert Burns wa ku Scotland. Ubwenzi wake ndi mkuluyu udakulitsa chikondi cha Lincoln pa alembi awiriwa, ndipo sadasiyane nawonso mpaka imfa.

Zinthu sizidayende msanga. Mu 1832 adapikisana nawo pachisankho cha aphungu a nyumba ya malamulo ya Illinois koma adagwa, ngakhale kudera lake la New Salem adapeza mavoti 277 mwa 300. Sitolo yomwe adatsegula ndi mnzake William Berry idagwa, ndipo Berry atamwalira ngongole yonse idatsalira iye. Adatha zaka zambiri akuibweza.

Mu 1833 adapatsidwa ntchito yoyang'anira positi ofesi, yomwe idamupatsa mwayi wowerenga nyuzipepala zobwera m'mudzimo eni ake asadazitenge. Atapatsidwanso mwayi wa ntchito yoyeza malo, yomwe sankaidziwa n'komwe, adapeza mabuku a ntchitoyo n'kudziphunzitsa yekha mpaka kuyamba kuika malire a minda ndi misewu.

Mu 1834 adapambana pachisankho. Loya wina, John Todd Stuart, adamulimbikitsa kuphunzira malamulo ndipo ankamubwereka mabuku kuchokera ku Springfield, mtunda wa makilomita oposa 30. Lincoln adalimbana yekha ndi mabuku a William Blackstone, katswiri wa malamulo wa ku England, mpaka adalandira chilolezo cha uloya mu 1836. Pomwe amasamukira ku Springfield mu 1837 adakwera hatchi yobwereka, ndipo adalephera kulipira madola 17 ogulira zogonera mpaka mwini sitolo, Joshua Speed, adamuitana kuti azigona naye chipinda chimodzi.

Masamu ali ndi zaka 40

Lincoln adakwatira Mary Todd pa 4 November 1842 ndipo adabereka ana aamuna anayi. Kuyambira 1847 mpaka 1849 adali phungu kunyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington, kenaka adabwerera ku uloya ndale zitamuvuta.

Apa n'kuti ali ndi zaka 40, msinkhu womwe ambiri amati sukulu idawapita. Iye adaona kuti kaganizidwe kake kakufunika kunoledwa, ndiye adatenga buku la masamu la Euclid, katswiri yemwe ankaphunzitsa ku Alexandria, m'dziko la Egypt, zaka pafupifupi 300 Yesu asadabadwe. Bukuli limayamba ndi mfundo zochepa zomwe aliyense angavomereze, kenaka n'kumamanga mfundo ina pamwamba pa inzake mpaka munthu atasowa potsutsa.

Masiku amenewo maloya ankayenda ndi woweruza tawuni ndi tawuni kukazenga milandu, n'kumagona angapo m'chipinda chimodzi. William Herndon, yemwe adagwira naye ntchito muofesi imodzi kuyambira 1844, adasimba kuti anzake akamaliza mkonono, Lincoln amakhala atayatsa kandulo pafupi ndi bedi akulimbana ndi Euclid, miyendo ili lendelende poti adali wamtali masentimita 193. Adapitiriza mpaka adadziwa bwino zigawo zisanu ndi chimodzi zoyambirira za bukulo.

Herndon yemweyo adaululanso kuti Lincoln sadali munthu wowerenga chilichonse. Mabuku a akatswiri monga Charles Darwin ndi Herbert Spencer, omwe Herndon ankagula, Lincoln ankangowatsegula pang'ono n'kuwaika pansi ponena kuti ngolemera. Mabuku ataliatali a nkhani zopeka sankamukoka atakula, moti adauzapo mnzake wina kuti adayamba kuwerenga Ivanhoe la Walter Scott koma sadalimalize. Chomwe chinkamutopetsa Herndon n'choti m'mawa uliwonse Lincoln ankagona pasofa n'kumawerenga nyuzipepala mokweza mawu. Chifukwa chomwe ankapereka n'choti maso ndi makutu zikagwirira ntchito pamodzi, zowerengazo sizithawa msanga.

Achinyamata akamufunsa njira yokhalira loya, yankho lake silinkasintha. Mu September 1860, ali mkati mwa kampeni ya upulezidenti, adapeza nthawi yoyankha kalata ya mnyamata wina, John Brockman. Adamulangiza kuti apeze mabuku, ayambe ndi Blackstone n'kumuwerenga kawiri, kenaka apite kwa Chitty, Greenleaf ndi Story, omwe adalemba za kayendetsedwe ka milandu ndi umboni. Adatsindika kuti njirayi njosavuta kuimvetsa koma njotopetsa, ndipo chinsinsi chake ndi khama basi.

Laibulale isanduka chida cha ndale

Chomwe chidamubwezera m'ndale ndi lamulo la 1854 lomwe lidalola anthu okakhala m'madera atsopano a Kansas ndi Nebraska kusankha okha ngati akufuna ukapolo. Lamulolo adalitsogolera ndi Stephen Douglas, phungu wa nyumba ya Senate wochokera ku Illinois. Lincoln adakhala masiku ambiri mulaibulale ya boma ku Springfield akufufuza mbiri ya nkhaniyi, ndipo mu October chaka chomwecho adalankhula kwa maola atatu mumzinda wa Peoria kutsutsa kufalikira kwa ukapolo.

Mu 1858, polimbirana mpando wa Senate ndi Douglas, adatenga fanizo la m'Mauthenga Abwino la nyumba yogawanika pofuna kuonetsa kuti dziko silingakhalitse mbali ina ili ndi akapolo, ina ilibe. Awiriwa adachita mitsutso isanu ndi iwiri pamaso pa makamu a anthu. Mpandowo adautenga Douglas, koma dzina la Lincoln lidamveka dziko lonse.

Pa 27 February 1860 adakalankhula ku Cooper Union, mumzinda wa New York. Douglas ankanena kuti anthu omwe adakhazikitsa dzikolo sadafune kuti boma lalikulu lilowerere pankhani ya ukapolo m'madera atsopano. Lincoln adafukula zolembedwa zakale n'kutsata momwe anthu 39 omwe adasaina malamulo oyendetsera dzikolo adavotera pankhaniyi, ndipo adaonetsa kuti 21 mwa iwo adavomereza kuti boma lili ndi mphamvu yoletsa ukapolo m'maderawo. Nyuzipepala zidasindikiza mawu ake onse, ndipo mu November chaka chomwecho adasankhidwa kukhala pulezidenti.

Asadanyamuke kupita ku Washington, kumapeto kwa January 1861, adayenda ulendo wapadera kukatsanzika mayi ake omupeza aja. Bambo ake adali atamwalira mu 1851, ndipo kumaliro awo iye sadapiteko, chizindikiro choti awiriwa sadamvane kwenikweni mpaka mapeto.

Mabuku pakati pa nkhondo

Kusankhidwa kwake kudakwiyitsa zigawo za kummwera, komwe kudali akapolo pafupifupi 4 miliyoni. Zigawo 11 zidachoka mumgwirizano wa dzikolo ndipo nkhondo yapachiweniweni idabuka pa 12 April 1861.

Lincoln za usilikali sankazidziwa. Adakhalako msilikali kwa miyezi itatu yokha mu 1832 osamenya nkhondo, ndipo ankachita nthabwala kuti adani omwe adamukhetsa magazi adali udzudzu. Ataona kuti akuluakulu a asilikali akuzengereza, adachita zomwe adazolowera. Mu January 1862 adabwereka ku Library of Congress buku la luso la nkhondo lolembedwa ndi Henry Halleck, ndipo mu July chaka chomwecho adaitana Halleck yemweyo kudzakhala mkulu wa asilikali onse.

Pa 20 February 1862 mwana wake Willie adamwalira ali ndi zaka 11, wachiwiri kumwalira mwa ana ake. Patapita miyezi itatu, ali kumalo a asilikali ku Fort Monroe, Lincoln adawerengera msilikali wina gawo la sewero la Shakespeare lotchedwa King John, momwe mayi akulira mwana wake wotayika. Atamaliza adauza msilikaliyo kuti amalota Willie kawirikawiri, ndipo adagwetsa misozi.

Koma sikuti ankawerenga zachisoni zokhazokha. Pa 22 September 1862 adaitanitsa nduna zake, ndipo asadanene chomwe adaziitanira adayamba waziwerengera mutu umodzi wa buku la nthabwala la Artemus Ward, iye mwini akuseka. Nduna ya zachuma, Salmon Chase, idalemba zimenezi m'buku lake la zochitika tsiku ndi tsiku. Atatseka bukulo adalengeza kuti watsimikiza mtima kumasula akapolo a m'zigawo zoukira. Chilengezocho chidayamba kugwira ntchito pa 1 January 1863, ndipo chidatsegulanso khomo kuti anthu akuda alowe usilikali. Pofika kumapeto kwa nkhondo, pafupifupi 180,000 adali atavala yunifolomu ya asilikali a boma.

Mu August 1863 adalembera kalata katswiri wa zisudzo, James Hackett, momwe adatchula masewero a Shakespeare omwe ankawabwereza kwambiri: King Lear, Richard III, Henry VIII, Hamlet, ndipo koposa onse Macbeth. Adavomerezanso kuti ena sadawawerengepo. Kalatayo itatuluka m'nyuzipepala, adani ake adamuseka kuti munthu wosaphunzira akudziyesa katswiri wa zolembalemba, koma iye adauza Hackett kuti kunyozedwa adakuzolowera.

Zipatso za mabuku a ubwana aja zidaoneka m'zolankhula zake. Ku Gettysburg, pa 19 November 1863, mlendo wolemekezeka Edward Everett adalankhula kwa maola awiri, pomwe Lincoln adangolankhula mphindi ziwiri, mawu osakwana 300, koma ndi omwe ana asukulu ku America adakhala akuloweza mibadwomibadwo. Ku Baltimore, mu April 1864, adapeka nthano yakeyake yonga ya Aesop. Adakamba za mbusa yemwe walanditsa nkhosa kukamwa kwa mmbulu. Nkhosa ikuthokoza kuti yapeza ufulu, pomwe mmbulu ukudandaula kuti mbusayo wauphwanyira ufulu wake. Aliyense adamva kuti akunena za akapolo ndi eni akapolo.

Pankhani ya chipembedzo, Lincoln ali mnyamata adawerenga mabuku okayikira Baibulo monga a Thomas Paine, ndipo sadalembetse mumpingo uliwonse moyo wake wonse, ngakhale ankapita kutchalitchi cha Presbyterian ku Washington. Komabe m'zaka za nkhondo Baibulo silinkatalikira dzanja lake. Polumbira kachiwiri, pa 4 March 1865, adagwiritsa ntchito malemba ponena kuti mwina nkhondoyo idali chilango cha Mulungu kwa mbali zonse ziwiri kaamba ka tchimo la ukapolo.

Sadali wopanda banga

Mabuku sadamuchotsere msanga maganizo onse a nthawi yake. Pamtsutso wina wa mu 1858 adanena poyera kuti sankafuna kuti anthu akuda ndi azungu akhale ofanana pandale ndi pachikhalidwe. Kwa zaka zambiri adalimbikitsanso ganizo loti akapolo omasulidwa asamutsidwire kumaiko ena monga Liberia, zomwe atsogoleri a anthu akuda, kuphatikizapo Frederick Douglass, adazitsutsa kwambiri.

Chomwe chimamusiyanitsa ndi anzake ambiri n'choti ankasintha akaphunzira zatsopano. Adakumana ndi Douglass kangapo n'kumvetsera madandaulo ake. Adalimbikira kuti malamulo oyendetsera dziko asinthidwe n'cholinga chothetseratu ukapolo paliponse, ndipo aphungu adavomereza kusinthako pa 31 January 1865. Pa 11 April chaka chomwecho adanena pagulu kuti anthu akuda ena, maka omwe adamenya nawo nkhondo, apatsidwe ufulu wovota. Pakati pa omvera tsikulo padali John Wilkes Booth, yemwe mawuwo adamukwiyitsa koopsa.

Sewero lomaliza

Lamulungu pa 9 April 1865, Lincoln adali m'sitima ya pamadzi yotchedwa River Queen kubwerera ku Washington kuchokera kumalo a nkhondo. Adatenga Macbeth n'kuyamba kuwerengera anzake. Seweroli ndi la msilikali yemwe adapha mfumu yake Duncan kuti alande ufumu, koma kuchokera pamenepo tulo ndi mtendere zidamuthawa. Lincoln adaima pagawo lomwe wakuphayo akusirira mfumu yakufayo poti yapumula ku mavuto onse, ndipo adaliwerenga kawiri. Tsiku lomwelo mkulu wa asilikali oukira, Robert E. Lee, adagonja ku Appomattox. Nkhondoyo idapha anthu oposa 600,000.

Pa 14 April, lomwe lidali Lachisanu Loyera, adachedwa kukadya chakudya chamadzulo chifukwa ankawerengera anzake ochokera ku Illinois nthabwala za Petroleum V. Nasby. Usiku womwewo adapita ndi mkazi wake kunyumba ya zisudzo ya Ford's Theatre kukaonera sewero loseketsa, ndipo kumeneko Booth adamuwombera kumutu. Adamwalira m'mawa wa pa 15 April 1865 ali ndi zaka 56, ndipo adaikidwa m'manda ku Springfield.

Booth naye adali munthu wa mabuku. Adachokera m'banja la akatswiri a masewero a Shakespeare, ndipo mu November 1864 adasewera nawo Julius Caesar ku New York pamodzi ndi abale ake awiri. Pomwe ankathawa, adalemba m'kabuku kake modzifanizira ndi Brutus, yemwe adapha Caesar. Anthu awiriwa adamwa pachitsime chimodzi, koma wina adatungapo chifundo ndi kuopa mlandu wa magazi, pomwe mnzake adatungapo chifukwa chophera munthu.

Zomwe zidapezeka m'matumba a Lincoln usiku umenewo zimasungidwa ku Library of Congress. Mwa zina mudali magalasi awiri owerengera ndi timapepala todula m'nyuzipepala tomwe adatipinda m'kachikwama.

Mabuku ambiri omwe adamuumba, monga Baibulo, nthano za Aesop, The Pilgrim's Progress, Robinson Crusoe, masamu a Euclid ndi masewero a Shakespeare, akusindikizidwabe mpaka lero. Mndandandawu uli ndi nthano ndi zoona, zoseketsa ndi zoliritsa, ndipo mabuku ena omwe adawerenga Lincoln adawapeza pogogoda pakhomo pa anthu, kubwereka, n'kubweza.

Mu September 1865 Herndon adapita kukacheza ndi Sarah Bush Lincoln, yemwe apa n'kuti ali gogo wa zaka 76. Gogoyo adamuuza kuti Abraham sadamuyankhepo mwano ngakhale tsiku limodzi, ndipo adali asadafune kuti mwanayo akhale pulezidenti poopa kuti china chake chimuchitikira. Adafotokozanso kuti mnyamatayo akamawerenga, pakhomo ankayesetsa kusamusokoneza, n'kumusiya mpaka atatseka yekha bukulo. Mayiyu adamwalira mu 1869, patatha zaka zinayi chiphedwere mwana yemwe adamulera.